Nsenga

Lachitatu usiku magetsi athawanso ku Mufakose.
Firiji yatsokomola kamodzi, kenaka zii.
M'mimba mwake muli chigubu cha malita makumi awiri,
mowa wa ukwati wa Ndaziona, mwana wa mlongo wanga,
ndipo ukwatiwo ndi Loweruka lomweli.

Ndatungako m'tambula, ndaunika ndi foni.
Mbuu!
Ngati Mukuvisi mvula itagwa kumtunda.
Shuga anatha kale Lamulungu, thovu linaphwa,
koma yisiti akuyandamabe, akukana kukhala pansi,
monga munthu amene ntchito inamuthera
koma m'mawa uliwonse amavalabe ovolosi
n'kukaima pageti.

Ndagogoda kwa VaMushonga, eni sola ndi firiji yaikulu,
andigulitsa ayezi wa madola atatu
ndi funso laulere:
"Mowa wanuwo ukudwala, kuti muziugoneka ngati m'chipatala?"
Ndaseka ndi mano okha.
Ndapanikiza ayezi m'mbali mwa chigubu,
ndatseka chitseko, ndatsamiritsapo njerwa.
Juni, ndithandize, iwe amene umang'amba milomo ya ana,
lero chisanu chako ndikuchifuna.

M'bandakucha ndasungunula jelatini,
kasupuni kamodzi m'madzi otentha osafika powira,
ndathira mondondeza m'mphepete,
monga mmene umauzira munthu uthenga wa maliro.
Kwatsala n'kudikira.
Osagwedeza. Osasuzumira kawirikawiri.
Madzi adikha okha, sawakalipira.

Bambo anga a Jailosi akanandiseka.
Iwo anatsika wapansi kuchokera ku Ntcheu, kudzera ku Tete,
nasenza mabelo a fodya mumzinda uno zaka makumi anayi
mpaka phewa lamanja linatsika kuposa linzake.
Mowa wawo unali wokhutchumula kaye,
wotafuna, wosiya ndevu zoyera pamlomo.
"Mowa woonekera mkati?" ankatero,
"umenewo wabisa amene anauphika."
Chitupa chawo chinkawatchabe mlendo
tsiku limene tinkawanyamula kupita ku Granville.

Lachinayi lonse ndakhala ndikukonza ketulo ya munthu
khutu lili kufiriji.
Magetsi abwera teni koloko usiku, achoka folo.
Mlongo wanga waimba kawiri.
Ndamuuza kuti zili bwino, ndikunama pang'ono.

Lachisanu masana ndatunganso.
Ndaika tambula pamwamba pa nyuzipepala yakale
ndipo ndawerenga mtengo wa feteleza kupyola mumowa.
Wafiira ngati uchi, mbee mpaka pansi.

Mgolo wachitsulo ndautsuka katatu, ndaupopera gasi.
Payipi ndaitsitsa pang'onopang'ono, mpweya ndaugwira,
isakhudze pansi,
isadzutse amene agona.
Mowa ukutsika mwakachetechete, osachita thovu,
ine maso ali pa payipi ngati mlonda wa pachipata,
ndipo kamtambo koyamba katangoti tulukiru
ndapinda payipi ndi chala.
Basi. Inu mutsale.

Mawu amenewo andiwawa m'kamwa.

Pansi pa chigubu patsala zala ziwiri za matope otuwa,
iwo amene anadya shuga usana ndi usiku,
natukuta mumdima, nasandutsa madzi otsekemera kukhala mowa.
Mawa ku Highfield anthu adzakweza matambula kudzuwa,
adzati taonani kuyera kwake,
ndipo sipadzapezeka wofunsa za nsenga.

Ngalande ili pomwepa, kuseri kwa khitchini.
Ndaima nacho chigubu pamenepo nthawi ndithu.

Kenaka ndawiritsa botolo lakale la chiponde,
ndakokoloramo matope onse mpaka dontho lomaliza,
ndamata kapepala, ndalemba tsiku.
Pofuna kulemba dzina la yisiti dzanja laterereka,
landilembera Jailosi.
Sindinafufute.

Ndaliika kumbuyo kwa firiji, pafupi ndi majarini.
Ogasiti akafika mphepo ikayamba kuulutsa fumbi
ndidzamudzutsa ndi madzi a chimera,
ndipo ndikudziwa, adzayamba ntchito
ine ndisanatseke n'komwe chivundikiro.